Mbiri ya Okonda Hi-fi: Ntchito, Mikangano ndi Nthabwala Zawo

Okonda hi-fi ndi anthu amene amathera nthawi, ndalama ndi nzeru zawo pa zipangizo zomvetserera nyimbo m'nyumba, monga choyimbira mbale, ampulifaya, masipika ndi mawaya olumikiza zonsezi. Chimene amafuna n'chakuti nyimbo yojambulidwa imveke pabalaza ngati kuti oyimba ake ali momwemo. Chizolowezichi chinazika mizu ku Britain ndi ku America, kenaka chinakula kwambiri ku Japan, ndipo kwa zaka zoposa 100 chakhala ndi magazini ake, makalabu ake ndi zionetsero zake. M'badwo uliwonse unkakhulupirira kuti makina ake afika posasiyana ndi munthu woyimba, koma m'badwo wotsatira unkamva zolakwika zimene woyambawo sunkazimva. Kupereweraku ndi kumene kwakhala kukuwapatsa ntchito, kuwayambanitsa ndiponso kuwaseketsa.

Nthawi ya lipenga ndi singano

Makina oyamba kujambula mawu n'kuwabwezanso anapangidwa ndi Thomas Edison ku New Jersey m'chaka cha 1877. Patapita zaka 10, Emile Berliner anatulukira njira yolemba mawu pa mbale yafulati, ndipo makina akewo, galamafoni, ndi amene anafala padziko lonse. Galamafoni sinkafuna magetsi. Munthu ankapukusa chogwirira kuti akunge sipuling'i, mbale n'kumazungulira pafupifupi maulendo 78 pa mphindi. Singano inkayenda m'kamzere ka pambalepo ikunjenjemera, kunjenjemerako kunkagwedeza kachimbale kopyapyala, ndipo lipenga linkakuza mawuwo. Mbali imodzi ya mbale inkatha pa mphindi zitatu kapena zinayi. Wofuna kuchepetsa phokoso ankasankha singano yowonda, apo ayi ankatsekera kansalu m'lipengamo.

Kuyambira mu 1915, kampani ya Edison inkayendayenda m'mizinda ya ku America ndi chionetsero chotsimikizira anthu kuti makina ake alibe chilema. Woyimba ankayima pambali pa makinawo n'kumayimba limodzi ndi mbale yake yomwe, nthawi zina n'kukhala chete makinawo akupitiriza. Kenaka nyale zinkazimitsidwa, ndipo poziyatsanso anthu ankaona makina okha, woyimbayo atachoka kale. Ambiri ankavomera kuti sanazindikire nthawi imene munthuyo anasiya. Masiku ano aliyense womva mbale zomwezo amamva kuthetheka ndi mawu ofinyika. Makutu a nthawi imeneyo anali asanazolowere kufufuza zolakwika za makina, komanso oyimbawo ankachita kuphunzira kutsanzira kamvekedwe ka makinawo.

Ku Britain chizolowezichi chinayamba kuoneka bwino mu 1923. M'chaka chimenecho wolemba mabuku Compton Mackenzie anayambitsa magazini ya The Gramophone, ndipo E. M. Ginn anayamba kupanga pamanja magalamafoni a EMG. Malipenga a magalamafoniwa ankawumbidwa ndi mapepala omatidwa ndi guluu, ndipo ena pakamwa pake pankaposa masentimita 70. M'matauni ambiri munabadwa makalabu amene ankakumana m'maholo madzulo kudzamvera mbale ndi kukambirana.

Mkangano waukulu wa nthawiyo unali wa singano. Singano yachitsulo inkatulutsa mawu amphamvu koma inkaperepesa mbale, ndipo inkafunika kusintha ikangoyimba mbali imodzi. Osamala mbale zawo ankagwiritsa ntchito singano za nsungwi kapena za minga. Ya nsungwi inali ya makona atatu, ndipo mbali iliyonse ikatha mwini wake ankaidula kunsonga ndi kachipangizo kodulira kuti ithwenso. Ya minga ankainola poizunguza pa sandipepa. Nsonga yotereyi nthawi zina inkabuntha nyimbo itafika pokoma penipeni, pamene zoyimbira zonse zikulira mwamphamvu, mawu n'kuyamba kusasa. Zikatero mwini nyumba ankadzuka, kunolanso, n'kuyambiranso mbaleyo alendo akudikira.

Magetsi ndi ampulifaya ya pathebulo lodyera

M'chaka cha 1925 makampani anayamba kujambula mbale pogwiritsa ntchito maikolofoni ndi magetsi. Chaka chomwecho Chester Rice ndi Edward Kellogg a ku General Electric anafotokoza sipika ya koyilo yoyenda mkati mwa maginito, imene ndi kholo la masipika ambiri a lero. Mu 1931 Alan Blumlein wa ku kampani ya EMI analembetsa njira ya sitiriyo, ngakhale kuti inadzafika m'nyumba za anthu patatha zaka zoposa 25. Mu 1932 Gilbert Briggs, yemwe ankachita malonda a nsalu ku Yorkshire, anapanga sipika yake yoyamba m'chipinda cha pansi pa nyumba yake ku Ilkley, ndipo apa ndi pamene panayambira kampani ya Wharfedale.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndi imene inachulukitsa anthu odziwa zamagetsi. Achinyamata ambirimbiri anaphunzitsidwa kukonza mawayilesi ankhondo ndi radar, ndipo nkhondo itatha mavalavu, amene ndi timababu tagalasi tokuza mphamvu ya mawu, ankagulitsidwa motchipa pamodzi ndi zotsala zina za asilikali. Kampani ya Decca nayo inali itaphunzira kujambula mawu okwera kwambiri pokonza mbale zophunzitsira asilikali kusiyanitsa phokoso la sitima zoyenda pansi pa madzi za Britain ndi za Germany. Luso limeneli inadzaligwiritsa ntchito pa mbale za nyimbo. Mu 1947 magazini ya Wireless World inasindikiza pulani ya ampulifaya ya D. T. N. Williamson, ya mawati 15, imene kupotoza kwake kwa mawu sikunkapitirira 0.1 peresenti. Pulaniyo inali ya aliyense wofuna, ndipo anthu m'mayiko ambiri anaimanga okha, ena mpaka kukulunga okha mawaya a thiransifoma yake. Mu 1948 Columbia inatulutsa mbale ya pulasitiki ya LP, yozungulira maulendo 33 ndi pang'ono pa mphindi, yoyimba mphindi zoposa 20 mbali imodzi. Chaka chotsatira RCA inatulutsa kambale kakang'ono ka 45.

Ku America makampani monga Heathkit ndi Dynaco ankagulitsa ampulifaya yosamanga, kuti wogula akamalize yekha. M'katoni munkakhala bokosi lachitsulo, mathiransifoma olemera, mavalavu okulungidwa bwino, tizipangizo tambirimbiri totchedwa resistor ndi capacitor, ndi buku la malangizo. Ntchito inkachitika usiku pathebulo lodyera, mbale za chakudya zitachotsedwa. Womangayo ankasanja tizipangizoto powerenga timizere tamitundumitundu tojambulidwa pa kalikonse, kudula waya pa muyezo wake, kuusenda kunsonga, kuupinda pa kachitsulo kake n'kuwotcherera ndi mtovu, kenaka n'kuchonga mzere umenewo m'buku. Mfundo yowotcherera bwino imanyezimira, pamene yotuwa ndi yokhakhala imadzabweretsa kulira kosadziwika kochokera. Ampulifaya ya Dynaco ST-70, imene inatuluka mu 1959, inagulidwa yoposa 300,000, ndipo ambiri mwa ogulawo anaimanga motere.

Mkati mwa ampulifaya ya mavalavu mumayenda magetsi oposa mavolti 400, amene amatha kukhalabe m'ma capacitor ngakhale itazimitsidwa. N'chifukwa chake amisiri ankaphunzitsana kuti poyeza, dzanja limodzi lizikhala m'thumba, kuti magetsi asadutse pachifuwa. Nthabwala yakale ya amisiriwa imati chipangizo chilichonse chimayendera utsi umene anautsekera mkati ku fakitale, umboni wake n'ngwakuti utsiwo ukangotuluka chipangizocho chimafa. Ntchito ina inali yosintha mabatani mbale iliyonse isanayimbe, popeza makampani ojambula ankachepetsa besi ndi kukweza mawu apamwamba mosiyanasiyana, ndipo ampulifaya inkayenera kubweza zimenezo molingana ndi kampani yake. Vutoli linayamba kutha mu 1954 pamene muyezo umodzi wa RIAA unavomerezedwa.

Sipika, chipinda ndi eni nyumba

Sipika yopanda bokosi situlutsa besi, chifukwa mpweya umene imakankha kutsogolo umathamangira kumbuyo kwake n'kufafanizana ndi wa kumeneko. Choncho nzeru zambiri zinathera pa bokosi. Mu 1946 Paul Klipsch wa ku Hope, m'chigawo cha Arkansas, anayamba kupanga Klipschorn, sipika ya lipenga lopindidwapindidwa imene imayikidwa pakona kuti makoma a chipinda apitirize lipengalo. Briggs ankalimbikitsa kuthira mchenga pakati pa matabwa awiri kuti bokosi lisanjenjemere, ndipo kwa olimba mtima ankati ndi bwino kumanga bokosilo ndi njerwa pakona ya pabalaza. Mu 1954 iye anachita chionetsero mu Royal Festival Hall ku London, holo ya anthu pafupifupi 3,000, pomwe oyimba enieni ankasinthana ndi masipika ake. Chinali chionetsero cha Edison chomwe chija, koma ndi makina a m'badwo wina.

Chaka chomwecho Edgar Villchur anasonyeza kuti bokosi laling'ono lotsekedwa bwinobwino lingatulutse besi yozama, mpweya wa mkatimo ukugwira ntchito ya sipuling'i. Sipika yake ya AR-1 inachepetsa kukula kwa mabokosi m'nyumba zambiri. Mu 1957 Peter Walker wa kampani ya Quad anatulutsa sipika yopanda maginito, ya kapulasitiki kopyapyala kogwedezeka pakati pa zitsulo ziwiri zamabowo. Inkatulutsa mawu oyera kwambiri, koma alendo ankaiyesa hita n'kumaiyandikira kuti awothe.

Mbale za sitiriyo zitafala mu 1958, ntchito inawirikiza. Panafunika masipika awiri ndi njira ziwiri za ampulifaya, ndipo womvera anayenera kukhala pamalo amodzi okha, pamene mtunda wochokera kwa iye kufika pa sipika iliyonse ndi wofanana. Kuyambira pamenepo tepi yoyezera inakhala chida cha wokonda hi-fi. Sipika ikayandikira khoma besi imachuluka n'kuyamba kugunda mopanda dongosolo, ikatalikira imachepa. Galasi ndi simenti zimabweza mawu, pamene makatani, kapeti ndi mashelefu a mabuku zimawameza. Munthu amatha Loweruka lonse akusuntha sipika pang'onopang'ono, kubwerera pampando, kumvera kachigawo komweko ka nyimbo, n'kudzukanso.

Zionetsero zamalonda za hi-fi zinayamba mu 1949 ndi Audio Fair ya ku New York, imene inachitikira mu hotela, kampani iliyonse ili ndi chipinda chake, ndipo mwambo wochitira zionetserozi m'zipinda za hotela ulipobe. Mbale zoonetsera mphamvu ya makina sizinali za nyimbo zokha. Munali sitima zapamtunda zikudutsa, mabingu, ndi mpira wa tenesi ya pathebulo ukudumpha kuchoka ku sipika ya kumanzere kupita ya kumanja. Mlendo wofika m'nyumba ya wokonda hi-fi ankakhazikidwa pampando wapakati kuti amve sitima ikudutsa pabalaza.

Anthu oterewa sakanalephera kusekedwa. Mu 1957 magazini ya Time inalemba za dokotala wa matenda a maganizo wa ku Canada amene ankati kukonda hi-fi mopitirira ndi matenda atsopano. Pa nthawi yomweyo ku London, a nthabwala awiri, Michael Flanders ndi Donald Swann, ankayimba Song of Reproduction, nyimbo yoseka munthu wodziwa zonse za makina ake koma wosasamala za nyimbo. Nthabwala imeneyi ndi imene yakhalitsa kuposa zonse, ndipo eni ake amainena okha: anthu ena amagula makina kuti amvere nyimbo, pamene wokonda hi-fi amagula nyimbo kuti amvere makina. Popeza ambiri anali amuna, nkhani zina zinali za m'banja. Pofika zaka za m'ma 1980 magazini anali ndi muyezo wanthabwala wotchedwa WAF, woyeza ngati mayi wa pakhomo angalole chipangizo kulowa pabalaza. Palinso pemphero lotchuka la mwamuna woopa kuti akadzamwalira, mkazi wake adzagulitsa zipangizozo pa mtengo umene iye anamuuza kuti anagulira. Akazi okonda hi-fi akhala akudandaula kuti nthabwala zoterezi zimawatsekera kunja.

Mita ndi khutu

M'zaka za m'ma 1960 transistor inalowa m'malo mwa valavu, ndipo makampani a ku Japan monga Sony, Pioneer, Sansui ndi Kenwood anadzaza misika ndi maampulifaya amphamvu, osatentha, a mtengo wofikirika. Pa mita, atsopanowa ankaposa akale. Koma omvera ena ankati mawu ake ndi owuma ndi olasa m'khutu. Apa gulu linagawika pawiri. Mbali ina inkatsatira Julian Hirsch wa magazini ya Stereo Review, amene ankayeza chipangizo chilichonse ndi makina ndipo ankaona kuti maampulifaya oyezeka bwino samveka mosiyana kwenikweni. Mbali inayo inkatsatira J. Gordon Holt, amene anayambitsa Stereophile mu 1962, ndi Harry Pearson, amene anayambitsa The Absolute Sound mu 1973. Awa ankati woweruza ndi khutu, ndipo ankafotokoza mawu ngati ofunda, ozizira, owala, akuda, othamanga kapena aulesi. Klipsch, yemwe anali injiniya, ankayenda ndi kabaji kachikasu kobisika kuseri kwa kolala ya jekete, kolembedwa liwu lachipongwe lotsutsa bodza, ndipo ankakaonetsa kwa aliyense wonena zopanda umboni.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Ivor Tiefenbrun wa ku Glasgow anatulutsa choyimbira mbale cha Linn Sondek LP12, n'kumaphunzitsa kuti chimene chatayika pa singano, sipika singachibweze. Kutchera choyimbira mbale kunasanduka luso palokha. Choyamba amaika levulo kuti chisapendekeke. Kenaka amamanga katiriji, kamene kamanyamula singano, kunsonga ya mkono ndi timabawuti tiwiri, n'kulumikiza timawaya tinayi towonda pogwiritsa ntchito kopanira kakang'ono. Amaika pepala la mizere pa mbale kuti aone ngati katirijiyo yalunjika pa malo awiri oyezera, ndipo ikakhota pang'ono amamasula n'kuyambiranso. Kulemera kwa singano amakuyeza pa kasikelo, nthawi zambiri pakati pa galamu imodzi ndi theka ndi magalamu awiri. Ikapepuka imadumpha n'kukanda mbale, ikalemera imaidya. Nsonga yake ndi kadayamondi kosaoneka bwino ndi maso, ndipo dzanja likangotsetsereka kamodzi, kapena nsalu yopukutira fumbi ikakola, ndalama za mwezi wathunthu zapita.

Mkangano unafika pa mawaya. Mu 1979 Noel Lee anayambitsa Monster Cable, ndipo waya wa sipika, umene kale unkaperekedwa mwaulere m'sitolo, unakhala katundu wa mtengo wake. Otsatira mita anayankha ndi njira yoyesera mosaona yotchedwa ABX, imene David Clark anaifotokoza mu 1982. Womvera amamva chipangizo A, kenaka B, kenaka X chimene sakuchidziwa, ndipo ayenera kunena kangapo konse kuti X ndi chiti. Pa mayeso otere kusiyana kwa masipika kumamveka mosavuta, koma kwa mawaya abwinobwino kumasowa. Otsatira khutu amati mayesowo amapanikiza munthu, ndipo chipangizo chimadziwika pokhala nacho masabata. Mu 1985 Bob Carver anauza akonzi a Stereophile kuti angasinthe ampulifaya yake ya madola pafupifupi 700 kuti imveke ngati iliyonse yodula imene iwo angasankhe. Anagwira ntchitoyo masiku owerengeka m'chipinda cha hotela, ndipo akonziwo analephera kusiyanitsa ziwirizo. Mbali zonse zinati zapambana: ena anati mtengo ulibe ntchito, ena anati Carver wavomera yekha kuti maampulifaya amamveka mosiyana, apo ayi sakanasintha kanthu.

CD inatuluka ku Japan mu 1982, ikusunga mawu ngati manambala, zidutswa 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo otsatsa ankalonjeza mawu angwiro osatha. Kuthetheka kunatha, kutchera singano kunatha, koma ofuna chogwiragwira anachipezabe. Cha m'ma 1990 kunabuka mphekesera yakuti kupaka inki yobiriwira m'mphepete mwa CD kumakometsa mawu, ndipo zolembera zake zinagulitsidwa. Ena ankakweza mawaya pa timitengo kuti asakhudze pansi. Mu 2007 James Randi, wotchuka poyalutsa onamizira zozizwitsa, analonjeza madola 1 miliyoni kwa amene angasiyanitse mosaona mawaya a madola 7,250 ndi ena otchipa. Iye ndi ofuna kuyesedwa anakanganirana malamulo ndipo mayesowo sanachitike. Mu 2022 kampani ya Mobile Fidelity, imene mbale zake zinkatamandidwa kuti zimachokera pa tepi yoyambirira popanda kudutsa pa kompyuta, inavomera kuti kwa zaka zambiri zinkadutsa pa manambala. Ambiri mwa amene ankati khutu lawo silingaphonye mawu a kompyuta anali atazitamanda mbalezo.

Njira ya ku Japan

Ku Japan nyumba ndi zazing'ono ndipo mbale zochokera kunja zinali zodula, choncho kumvera kunasamukira m'malo omwera khofi otchedwa jazz kissa. Malo a Chigusa ku Yokohama anatsegulidwa mu 1933, ndipo a Basie ku Ichinoseki, otchuka ndi masipika ake a JBL, anatsegulidwa mu 1970. Mwini malo ankasankha mbale, makasitomala n'kukhala moyang'ana masipika, ndipo m'malo ambiri kucheza kunali koletsedwa. Munthu ankatha maola ndi kapu imodzi ya khofi.

Omanga okha ankagula zipangizo m'timasitolo ta ku Akihabara mumzinda wa Tokyo n'kumatsatira mapulani a m'magazini ya Musen to Jikken, imene inayamba mu 1924. Pamene anthu a ku America ankataya maampulifaya ndi malipenga akale a m'nyumba zoonetsera kanema, Ajapani ankawagula. Iwo ndi amene anadzutsanso valavu ya 300B ya Western Electric, ya mu 1938, imene imapereka mawati 8 okha koma imakwanira ikalumikizidwa ku lipenga lalikulu. Ena anawumba malipenga a konkire monga mbali ya nyumba yeniyeniyo. Mu 2016 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba za mkulu wina wa ku Tokyo amene analipira madola pafupifupi 10,000 kuti amuzikire polo yakeyake ya magetsi ndi thiransifoma yake, poopa kuti mafiriji ndi makompyuta a anansi akudetsa magetsi a ampulifaya yake.

Ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe

M'mayiko awa zipangizozi zinkabwera makamaka ndi anthu obwera ku Joni ndi ku migodi ina, amene ankafika ndi galamafoni ndi mbale pamodzi ndi njinga ndi sutikesi. Mu 1949 Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Lusaka, atagwirizana ndi kampani ya Ever Ready, kunatuluka wayilesi yotchipa ya Saucepan Special. Thupi lake linali ngati sefuliya ya aluminiyamu yopakidwa utoto wabuluu, mabowo ake otchingidwa ndi kaukonde kuti tizilombo tisalowe, ndipo inkagulidwa mapaundi 5, batire padera. Inkakoka siteshoni ya ku Lusaka imene inkaulutsa m'Chinyanja ndi zinenero zina. Pambuyo pake kunabwera mawayilesi a Supersonic a ku Bulawayo ndi a Nzeru a ku Blantyre, ndiponso gumbagumba, imene inkaliza mbale za simanjemanje, kanindo ndi rumba pa zikwati ndi pa Khirisimasi.

Kuno vuto lalikulu linali la mphamvu ndi zosinthira, ndipo luso linkaonekera pamenepo. Mabatire ofooka ankayanikidwa padzuwa kuti ayimbeko pang'ono madzulo, ndipo amene anali ndi mwayi ankalumikiza batire ya galimoto. Kaseti itafala, bolopeni inkabweza tepi kuti mabatire asathe, tepi yodyedwa inkadulidwa n'kulumikizidwa, ndipo mutu wa wayilesi unkapukutidwa ndi thonje la sipiriti. Anyamata ankachotsa sipika m'wayilesi yakufa n'kuikhazika pakamwa pa mtsuko kapena pa chigubu kuti besi igunde. Mtsukowo umagwira ntchito yomwe ija ya bokosi lotseka, yolekanitsa mpweya wa kumbuyo ndi wa kutsogolo, ndipo dothi lowotcha silinjenjemera ngati thabwa lopyapyala. Akalipentala ndi okonza mawayilesi a m'misika akupangabe mabokosi a masipika okutidwa ndi kapeti.

Nthawi ya intaneti

MP3 ya m'zaka za m'ma 1990 ndi iPod ya mu 2001 zinachotsa nyimbo pabalaza n'kuziika m'thumba, ndipo masiku ano ambiri amamvera pa foni kudzera pa intaneti. Masitolo ambiri a hi-fi anatsekedwa, koma chizolowezicho chinangosintha maonekedwe. Achinyamata ambiri amayambira pa mahedifoni, amene safuna chipinda chachikulu ndipo sasokoneza anansi. Zipangizo zoyezera zimene kale zinali m'mafakitale okha tsopano ndi pulogalamu ya pakompyuta ndi maikolofoni yotchipa, moti munthu wamba amatha kuyeza chipinda chake n'kuona pamene besi ikuchuluka kapena kusowa. Kuyeza kotereku kwasonyeza kuti tizipangizo tina ta mtengo wotsika timagwira bwino ntchito kuposa zina za ndalama zankhaninkhani, ndiponso kuti sipika ndi chipinda ndi zimene zimasintha mawu kwambiri.

Mbale ya pulasitiki nayo inabwerera. Mu 2022 ku America kunagulidwa mbale 41 miliyoni pamene ma CD anali 33 miliyoni, koyamba kuti mbale zipose CD chiyambire 1987. Maampulifaya a mavalavu akupangidwabe, ndipo zipangizo za m'ma 1970 zikufunidwa ndi anthu amene amazitsegula, kusintha ma capacitor okalamba n'kuzigulitsanso. Kutsuka mbale, kusaka zakale m'misika ya kaunjika, kusinthana zipangizo ndi kuyenderana kukamvera makina a mnzako ndi zimene zimadzaza masiku a okonda hi-fi a lero.

Malire enieni ali pa khutu lenilenilo. Mwana amamva kunjenjemera kwa mpweya kuyambira maulendo 20 mpaka pafupifupi 20,000 pa sekondi, koma mawu okwera amayamba kutayika munthu akamakula, ndipo phokoso lalikulu limafulumizitsa kutayikako. Okonda hi-fi amaidziwa mfundoyi ndipo anaisandutsa nthabwala: pamene munthu ali ndi makutu alibe ndalama, pamene wapeza ndalama makutu apita. Mkangano wa mita ndi khutu sunathe, ndipo magulu onse awiri akadali ndi magazini awo, owatsatira awo ndi malo awo pa zionetsero zikuluzikulu za chaka ndi chaka ku Ulaya, ku America ndi ku Asia.